Mahampu, kabaza ndi M1: malonjezo a ofuna ukhansala ku Kasungu, ndi amene angathekedi

Kampeni ya makhansala ikafika m'tauni ya Kasungu, nkhani ya msewu sichedwa kutuluka. Kaya ndi pa msonkhano wa m'wadi, kaya pa mtsutso wa opikisana wonga umene bungwe la NICE limakonza, wina amadzuka n'kufunsa za ana owoloka M1 popita kusukulu, wina n'kudandaula za chipwirikiti cha kufupi ndi depoti ndi msika. Mayankho sasiyana kwenikweni. Tidzaika mahampu. Tidzakuza msewu. Tidzachotsa mavenda m'mbali mwa msewu, tidzalongosola a kabaza, tidzaitana apolisi apamsewu. Anthu n'kuomba m'manja.

Pali zinthu ziwiri zimene sizimveka pa misonkhano yotereyi. Choyamba, kuthithikana kwa magalimoto ndi kuthamanga kwa magalimoto ndi mavuto awiri osiyana, ndipo njira yochepetsera limodzi nthawi zambiri imakulitsa linzake. Chachiwiri, malonjezo ambiri amakhudza msewu umene khansala alibe nawo ulamuliro. Chisankho cha pa 16 September 2025 chinadutsa, opambana ali pa mipando, koma malonjezo omwewa adzabweranso. Ndi bwino kudziwa powayesera.

Msewu uli ndi mwini

M1, umene umadula tauni ya Kasungu kuchokera ku Lilongwe kupita ku Jenda ndi Mzuzu, si wa khonsolo. Uli m'manja mwa Roads Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndipo chimodzimodzi M18 wopita ku Nkhotakota. Ndalama zosamalira misewu imeneyi zimasonkhanitsidwa ndi Roads Fund Administration kuchokera ku msonkho wa pa mafuta ndi ndalama za pa zipata zolipirira. Malaisensi, kulembetsa galimoto ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi ntchito ya nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS. Apolisi apamsewu amalamulidwa ndi akuluakulu awo a polisi, osati meya.

Nanga khonsolo yatsala ndi chiyani? Yatsala ndi zambiri kuposa mmene anthu amaganizira: misewu ya m'malokeshoni, depoti, msika, malo oimika magalimoto, ziphaso za bizinesi, kuvomereza mapulani a nyumba, ndi mphamvu yopanga malamulo aang'ono a tauni imene lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapereka. Koma ngakhale pamenepa khansala ndi voti imodzi. Ganizo lake liyenera kudutsa ku komiti, livomerezedwe pa msonkhano wa khonsolo yonse, lilowe mu bajeti, kenako ogwira ntchito ku ofesi ya mkulu wa khonsolo ndi amene amalisandutsa ntchito.

Choncho munthu wonena kuti "ndidzaika mahampu pa M1" akulonjeza chinthu cha eni ake. Wonena kuti adzatenga pempho la wadi, alidutsitse ku khonsolo, khonsolo ilembere Roads Authority, ndipo iye azikalondola yankho, akunena zimene angathe. Wachiwiriyu sapatsidwa nthungululu zambiri, koma ndiye wadziwa kumene kuli khomo.

Zimene liwiro limachita

Opikisana onse amavomereza kuti kuthamanga n'koipa. Amasiyana pa kukula kwa vutolo, ndipo ena amaona ngati galimoto yoyenda pa 70 kapena 80 m'tauni msewu ukakhala wopanda anthu ambiri si nkhani. Masamu ake ndi awa.

Dalaivala akaona mwana akulowa mumsewu, pamapita nthawi asanaponde buleki, mwina sekondi imodzi ndi theka. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola, galimoto imakhala itayenda mamita 12 kapena 13 m'nthawi imeneyo, kenako imafuna mamita ena 5 kuti iime pa tara wouma. Onse pamodzi ndi mamita 18. Pa liwiro la 50, imayenda mamita 21 phazi lisanafike pa buleki, n'kuwonjezera mamita 14 okwechesa matayala, kukwana 35. Pa 80 ndi mamita pafupifupi 69. Taonani bwino manambala awiri oyambawo: pamalo pamene galimoto ya pa 30 yaimiratu, ya pa 50 imakhala isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Mvula ikagwa, kapena pa tara pakakhala mchenga umene madzi akokolola kuchokera m'misewu ya dothi, kapena matayala akakhala osalala, mtunda umatalika kwambiri. Thiraki yodzaza mabelo a fodya kapena matumba a feteleza ndiye imafuna malo ochuluka kuposa apa.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti liwiro la magalimoto likakwera ndi gawo limodzi pa 100 alionse, ngozi zakupha zimakwera ndi magawo anayi pa 100, ndipo limalimbikitsa liwiro la 30 m'malo amene anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto, monga pa sukulu ndi pa msika. Zikwangwani za m'matauni mwathu zimalemba 50.

Dalaivala wothamanga amapindula chiyani? Pa mtunda wa makilomita awiri, woyenda pa 50 amatenga mphindi ziwiri ndi masekondi 24, woyenda pa 80 amatenga mphindi imodzi ndi theka. Kusiyana kwake sikukwana mphindi imodzi, pa ulendo wa ku Lilongwe wa makilomita oposa 120.

Pali chinanso chimene ofuna mavoti sachitchula chifukwa sichikoma m'makutu. Ntchito yokonzanso M1 kuchokera pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kudzera ku Kasungu mpaka Jenda ndi mphambano ya Mzimba, imene inapeza thandizo la European Investment Bank ndi European Union, ndi yabwino kwa aliyense woyenda ulendo wautali. Koma maenje, ngakhale ankaswa mashokapu, ankachepetsanso liwiro. Msewu wosalala ndi wotambasuka umaitana phazi la dalaivala. Kumene msewu wakonzedwa n'kumene nkhani ya liwiro imayamba kukula.

Hampu si mulu wa dothi

Lonjezo lotchuka kwambiri ndi la mahampu, ndipo si lolakwika. Hampu yomangidwa bwino imagwira ntchito usana ndi usiku, sipempha ya fanta, ndipo dalaivala sangaikane. Vuto lili pa kamangidwe.

Hampu ya mulingo wovomerezeka imakhala yotalika mamita pafupifupi 3.7 motsata msewu, ndipo msinkhu wake umakhala masentimita 7.5 mpaka 10 pakati pake. Kutalikako ndiye chinsinsi: galimoto imakwera pang'onopang'ono n'kutsika pang'onopang'ono, moti woyenda pa 25 kapena 30 samva kugunda, koma wothamanga amadzidzimuka. Zimene timaona m'malokeshoni anthu akakwiya pambuyo pa ngozi ndi zina. Achinyamata amatenga makasu n'kuunjika dothi ndi njerwa, mulu wofupika koma wautali msinkhu. Galimoto yaing'ono imakhula mimba, njinga yamoto yobwera usiku imagwetsa wokwera, ambulansi yonyamula mayi woyembekezera imachita kuima. Mvula yoyamba ikabwera, mulu uja umatseka njira ya madzi, madziwo n'kukumba dzenje m'mbali mwake.

Ngakhale hampu ya tara imalephera ikaikidwa yokha. Dalaivala amaponda buleki, n'kuwoloka, n'kuthiranso moto. Kuti liwiro likhale lotsika pa chigawo chonse cha msewu, mahampu amafunika kutalikirana mamita 60 mpaka 100, osati imodzi pakhomo pa sukulu basi. Pafunikanso chikwangwani chochenjeza patsogolo pake, penti yooneka usiku, ndi timizere tonjenjemeretsa matayala toyambirira kuti dalaivala wochokera kutali adzuke. Penti imafufutika msanga pamene pamadutsa mathiraki, ndipo hampu yakuda pa tara wakuda, usiku, pamalo opanda magetsi, imayambitsa ngozi imene inaikidwa kuti iletse. Wopikisana amene walonjeza mahampu afunsidwe kuti adzapenta ndani chaka chamawa.

M'mbali namo muyenera kutsekedwa. Hampu ikathera pa mzere wa tara, a njinga zamoto ndi madalaivala a Sienta amaizemba podutsa m'dothi la m'mbali, komwe kumayenda anthu. Timizati ta konkire kapena mpanda wa miyala m'mphepete zimathetsa zimenezi, bola pasiyidwe mpata woti madzi adutse kupita m'ngalande.

Pa M1 penipeni, pamene pamadutsa mabasi aakulu ndi mathiraki, chogwira bwino ndi malo owolokera okwezedwa: hampu ya pamwamba pafulati, yotalika mamita 6 kapena kuposa, ndi mizere ya zebra pamwamba pake. Basi imakwera bwinobwino, woyenda pansi amaoneka, ndipo dalaivala amafika pa mizereyo atachepetsa kale. Mizere ya zebra yongopentedwa pa msewu wothamanga imanamiza mwana kuti ali ndi ufulu umene dalaivala sakuuzindikira.

Ndiye pali zotsatira zimene zimagwera malokeshoni. Magalimoto ali ngati madzi a m'ngalande: ukatseka apa, amakaboola pena. Mahampu akachuluka pa msewu waukulu, a kabaza ndi matakisi amayamba kudulira m'misewu ya dothi ya pakati pa nyumba, kumene kulibe zikwangwani, ana amasewera mpira, ndipo m'chilimwe fumbi limaphimba maso. Anthu a ku Chankhanga ndi madera ena okhala anthu ambiri ali ndi chifukwa chofunsa aliyense wolonjeza mahampu pa msewu waukulu kuti misewu yodulira adzaitani. Apa ndiye pamene khonsolo ili ndi mphamvu zonse, popanda kudikira chilolezo cha ku Lilongwe.

Kuthithikana: vuto la oima, osati la oyenda

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 58,000 m'tauni ya Kasungu, pamene mu 2008 sankafika 40,000. Tauni yakula, misewu yake ikuluikulu ndi yomweyo. Komabe kuchuluka kwa magalimoto sindiko kumatseka msewu pakati pa tauni. Njira imodzi ya msewu, popanda chotchinga, imatha kudutsitsa galimoto imodzi pa masekondi awiri alionse, kapena kuti magalimoto pafupifupi 1,800 pa ola. Tauni ngati yathuyi sifika pamenepo.

Chimatseka msewu ndi kuima. Minibasi yaima pa tara kudikira munthu mmodzi amene oyitanira akumukokera. Lole ikutsitsa katundu pakhomo pa shopu ilibe kolowera. Njinga za kabaza zaunjikana pa mphambano chifukwa m'pamene pamatsikira makasitomala. Ogula aima m'mphepete mwa tara kutsutsa mtengo wa tomato, oyenda pansi n'kukankhidwira mumsewu. Tiyerekeze kuti mbali imodzi mukudutsa magalimoto 600 pa ola: minibasi imodzi ikatseka njira kwa mphindi imodzi, kumbuyo kwake kwaima magalimoto 10. Ikachita zimenezi ina ndi ina, mzerewo suthanso. Nyengo yogulitsa fodya ku Chinkhoma, mathiraki akachuluka, zimangoonjezera.

Apa m'pamene lonjezo lokuza msewu limaterera. Msewu wa njira zinayi umene njira zake za m'mbali zasanduka siteji ya maminibasi umabwerera kukhala wa njira ziwiri. Ndipo usiku kapena Lamulungu masana, magalimoto akachepa, msewu wotambasukawo umasanduka bwalo la mpikisano. Wowoloka nayenso ulendo wake watalika. Munthu wamkulu woyenda bwino amadutsa msewu wa mamita 7 pa masekondi 6, wa mamita 14 pa masekondi 12. Gogo kapena mwana wa sitandade 1 amatenga nthawi yoposa apa. Pa masekondi 12 galimoto ya pa 80 imayenda mamita oposa 260, kutanthauza kuti imene idzamugunde sankaiona n'komwe pamene ankayamba kuwoloka. Ngati msewu ukuzidwe, pakati pake pakhale kachilumba ka konkire ka mamita awiri m'lifupi, koti munthu wokankha njinga aimepo n'kuwoloka chigawo chimodzi pa nthawi.

Zothandiza kwenikweni ndi zotsika mtengo kuposa kukuza msewu, kungoti sizimveka zazikulu pa chimkuzamawu. Malo oimira maminibasi olowa kunja kwa tara, okwana magalimoto awiri kapena atatu, oikidwa patsogolo pa mphambano osati pa mphambano penipeni. Nthawi yoikika yotsitsira katundu m'mashopu, m'mamawa kapena madzulo. Depoti yokhala ndi khomo lolowera ndi lotulukira losiyana, yopanda matope, yoti dalaivala akalipira tikiti aone chimene walipirira. Madalaivala amathawa depoti pamene anzawo oima panja akuwalanda anthu popanda chilango, choncho lamulo likagwira ena n'kusiya ena, onse amatuluka.

Ena amalonjeza msewu wolambalala tauni wonga wa kumadzulo kwa Lilongwe. Ganizo ndi lomveka, chifukwa thiraki yochokera ku Songwe kupita ku Blantyre ilibe chochita pakati pa msika wa Kasungu. Koma imeneyi ndi ntchito ya boma lalikulu, ya ndalama zochuluka ndi zipukutamisozi za anthu osamutsidwa, ndipo eni malo odyera, ogona ndi omwetsera mafuta a m'mbali mwa M1 sangaikondwerere. Gawo la khonsolo ndi limodzi lokha, koma lofunika: kusunga malo a msewuwo mu pulani ya tauni ndi kukana kuvomereza nyumba m'menemo. Maloboti nawo amafuna magetsi osadukaduka ndi wowakonza akafa. Pa mphambano zambiri raundabauti yaing'ono imachita bwino chifukwa imachepetsa liwiro yokha.

Mavenda ndi a kabaza nawonso amavota

Lamulo la misewu limapatula mamita 60 a msewu waukulu ngati M1, kutanthauza 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Malo amenewa ndi a ngalande, zikwangwani, oyenda pansi ndi kukuza msewu mtsogolo. Zogulitsa zambiri zimene timaona m'mbali mwa tara zili m'malo amenewa. Opikisana amagawikana pawiri: ena amalonjeza kuthamangitsa mavenda, ena amalonjeza kuwateteza, malinga ndi amene ali pa msonkhanopo. Kuthamangitsa kokha sikukhalitsa. Venda amakhala pamene pali ogula, ndipo ukamusamutsira ku malo opanda anthu, opanda madzi ndi chimbudzi, amabwerera sabata isanathe. Kusamutsa kumene kumagwira ndi kosuntha ogula ndi ogulitsa pamodzi: siteji ya maminibasi ikapita kumene kwaikidwa mabenchi, malonda amatsatira okha. Pali nkhani inanso imene khonsolo siikonda kuinena. Ikamadulitsa matikiti a tsiku ndi tsiku kwa anthu ogulitsa m'mbali mwa msewu, yavomereza kuti akhalepo, ndipo mawa singawatche ophwanya lamulo popanda mkangano.

Za kabaza n'zovuta kuposa apa. Kasungu ndi tauni ya njinga, ndipo njinga zamoto zawonjezereka kwambiri m'zaka zapitazi. Ndi ntchito ya achinyamata ambiri, ndiponso ndi mayendedwe okhawo ofika m'malokeshoni mmene minibasi silowa. Wolonjeza kuzichotsa m'tauni akunena zosatheka. Laisensi, kulembetsa njinga ndi inshulansi ndi za DRTSS ndi apolisi, khansala sangazikhululukire munthu, ngakhale ena amalonjeza zimenezo mwakachetechete pofuna mavoti. Zimene khonsolo ingachite ndi kupatula masiteji odziwika, otalikirako pang'ono ndi mphambano kuti asatchinge maso a madalaivala, kulemba mayina a oyendetsa kudzera m'makomiti awo, kuwapatsa manambala pa majekete owala, ndi kugwirizana ndi atsogoleri awo kuti wopanda helimeti ya wokwera kapena wokweza anthu awiri kumbuyo asanyamule pa sitejipo. Tcheyamani wa siteji amamvedwa msanga kuposa wapolisi, chifukwa ndiye amagawa mzere. Lamulo laling'ono lotere liyenera kulembedwa, livomerezedwe ndi khonsolo yonse ndi nduna ya maboma aang'ono lisanayambe kugwira ntchito. Si ntchito ya mwezi umodzi.

Mtengo wa kulekerera umaonekera ku chipatala cha boma cha Kasungu, ndipo othyoka kwambiri amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Banja limataya wopeza ndalama kwa miyezi, wina n'kusiya ntchito kukadikirira wodwala.

Za apolisi n'zachidule. Kamera ya liwiro imagwira ntchito pa maola amene ilipo, ndipo madalaivala amachenjezana ndi magetsi. Imathandiza ikamasinthidwa malo ndi nthawi, makamaka m'mawa ana akupita kusukulu ndi chisisira pamene maso saona bwino, koma singalowe m'malo mwa msewu womangidwa moti kuthamanga kukhale kovuta.

Kuyeza musanapemphe

Pempho lopita ku Roads Authority kapena ku khonsolo lonena kuti "magalimoto akuthamanga kwambiri kuno" limafanana ndi mapempho ena onse a m'dziko muno. Lokhala ndi manambala limaoneka. Komiti ya chitukuko ya wadi, kapena komiti ya sukulu, ingathe kupeza manambalawo popanda katswiri.

Yezani mamita 100 m'mbali mwa msewu ndi tepi ya amisiri, muike chizindikiro koyambira ndi kothera. Mmodzi aime koyambira n'kukweza dzanja galimoto ikamadutsa, wina kothera awerenge masekondi pa foni. Galimoto yotenga masekondi 12 ikuyenda pa 30, yotenga 7 ili pa 50, ya masekondi 6 ili pa 60, ya 4 ndi theka ili pa 80. Lembani magalimoto osachepera 50, ndipo muzisankha oyenda momasuka, osati otsatira mnzake pa mzere. Imani patali ndi tara, musavale zowala, chifukwa madalaivala akakuyesani apolisi manambala anu adzanama. Chitani izi nthawi zosiyana: m'mawa, masana, ndi madzulo. Werenganinso anthu owoloka pa ola limodzi, ndipo mulembe pamene akuwolokera enieni, chifukwa malo owolokera oikidwa mamita 80 kutali ndi njira imene anthu anazolowera sagwiritsidwa ntchito. Apolisi amasunga mbiri ya ngozi zimene zinanenedwa kwa iwo, ndipo khansala angathe kuipempha kudzera ku khonsolo.

Kalata itchule malo enieni, manambala amenewa, chimene mukupempha, ndi amene asayina: mafumu kapena atsogoleri a mabuloko, mphunzitsi wamkulu, komiti ya wadi. Nthawi yake nayo ndi yofunika. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, ndipo mabajeti a makhonsolo amakonzedwa miyezi ingapo tsikuli lisanafike. Pempho lofika mu May, bajeti itadutsa kale, kawirikawiri limadikira chaka chotsatira, pokhapokha litalowa pa ntchito ya kontilakitala amene ali kale pa msewuwo. Ngati makina akadali pafupi, kuwonjezera malo owolokera okwezedwa n'kotsika mtengo kwambiri kusiyana ndi kudzaitana kontilakitala wina atasamuka.